Njoka imene ndinaiona pa mbuli

Ndikukumbukila bwino lomwe chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zinai, ndili giledi seveni kwathu ku Ndake. Nkhani iyi ndainena kambili, koma ndinali kuinena mokhotetsa, ndipo anthu anali kundimvela chisoni. Lelo ndifuna ndiinene monga mmene inalili, ngakhale kuti imandichititsa nselu.

Chaka chimenecho pasukulu pathu panabwela mphunzitsi watsopano wochokela ku migodi, a Mulenga. Anabwela ndi mwana wao Chanda, wa msinkhu wanga, wakamwa ngati wailesi. Tsiku loyamba lomwe anandiona ndikudya mbewa yootcha pa nthawi yopuma, anagwila mphuno nati, "Iwe, mumadyadi makoswe kuno?" Ine ndinamufunsa ngati anyani a kwao anatsiliza kuwadya onse. Paja iye anali Mubemba, ndipo pakati pa ife ndi Abemba pali chimbuya, ubale wa nthabwala, timanyozana popanda mlandu, ndiye chibwenzi chinayambila pomwepo.

Chanda anali ndi foni yakale imene mkulu wake anamusiila, yong'aluka pakona. Mufonimo munali gemu imene sindinaionepo chibadwile. Ukatsegula, kamela inali kukuonetsa zimene zili patsogolo pako, mtengo ngati mtengo, mbuzi ngati mbuzi, koma pakati pa zinthu zenizenizo pamatulukila kanyama kojambula, kakudumphadumpha pa dothi lomwe ukupondalo. Ntchito yako inali kukaponyela ukonde ndi chala pagalasi. Unali ndi mwai katatu. Ukaphonya katatu, kapena ukagwedeza foni, kanyamako kanali kuthawa. Ukakagwila, gemu inali kujambula chithunzi cha pamalopo nkuchisunga yokha.

Chanda anali kunena kuti ku Kitwe tinyamato tili mbwee, pamsika, pasiteshoni, ngakhale kuchimbudzi. Kwathu tinali kusowa. Netiweki inali kugwila pa chulu cha kuseli kwa sukulu ndi m'minda ya kufupi ndi mseu waukulu basi, ndiye tinali kuyenda mitunda padzuwa, makosi ali pansi, mpaka amai a pachitsime anayamba kutifunsa ngati tataya singano. Koma ine ndinapenga nayo gemu ija. Ndinali kuilota. Ndikamalima, ndinali kuona ukonde ukugwa pa mizele.

Panali kanyama kamodzi kabuluu, kamapiko, kamene Chanda anakafunafuna miyezi itatu. Lachisanu lina mapu a m'gemu anaonetsa kuti kali cha kumunda kwathu. Tsoka ilo Chanda anali gone ndi malungo. Anandipatsila foni pawindo, akunjenjemela, nati, "Ukakagwile, mwandi. Ukaphonya usabwelenso kuno."

M'mawa mwake atate anati tikakumbe mbewa. Inali nyengo yake: chimanga chili m'nkhokwe, thonje tagulitsa, tchile lapsa, minda ili mbee ndi phulusa. Kwa amene simunakumbepo mbewa, ntchitoyi ndi ya anthu awili. Una wa mbewa uli ndi khomo limene zimalowela, komanso kabowo kena kobisika kothawila, kamene timati mbuli. Wina amakumba kukhomo ndi khasu, nkumapisa dzanja kuti amve kumene una ukulowela. Mnzake amakhala pa mbuli ndi chibonga. Atate anayamba kundiika pa mbuli ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo lamulo lao linali limodzi, lomwe anali kulibweleza chaka chilichonse ngati kuti ndine gonthi: "Ikatuluka mbewa, menya. Ikasuzumila njoka, kuwa msanga, chifukwa ikabwelela mkati ikubwela kudzanja langa."

Tinapeza una wabwino m'mphepete mwa munda, pafupi ndi chitsa cha msuku. Atate anafufuza mbuli ndi chala cha kuphazi, naipeza mapazi asanu kuchokela pakhomo, nandikhazika pamenepo. Iwo anagwada kundifulatila nayamba kukumba. Ine ndinaika chibonga pansi, ndinatulutsa foni m'kabudula.

Kanali pomwepo! Kanyama kabuluu kaja kanali kataima pambali penipeni pa mbuli, kakukupiza timapiko take pamwamba pa phulusa. Ndinaponya ukonde woyamba, ndinaphonya. Ndinapukuta thukuta la kuchala pamalaya, ndinaponya wachiwili, unagwa pambali. Unatsala umodzi.

Ndiye pagalasi pomwepo, m'munsi mwa kanyamako, dothi la pa mbuli linasuntha. Panatuluka mutu waukulu, wophwatalala, wotuwa ngati dothi lomwelo, lilime likutuluka ndi kulowa. Inali mphili. Ndinaidziwa nthawi yomweyo, monga mmene mwana aliyense wa kumudzi amaidziwila. Inayang'ana kuwala kwa dzuwa pang'ono, kenako inayamba kubweza mutu mkati pang'onopang'ono.

Apa mpamene ndakhala ndikunama zaka zonsezi. Ndinadziwa kuti ndi njoka yeniyeni. Ndinadziwa kumene ikupita. Mau a atate ndinawamva m'mutu mwanga onse. Koma ndinadziwanso kuti ndikakuwa ndigwedeza foni, ndipo kanyama kathawa. Ndinadziuza kuti ndiponye kaye, nkanthawi kochepa chabe, ndikuwa pambuyo pake. Ndinaponya. Ukonde unagwila, foni inalila kanyimbo kake kachisangalalo, ndipo ine, galu ine, ndinamwetulila. Kanyimboko kasanathe atate anakuwa, "Mayo ine!"

Anazula dzanja m'unamo njoka ili lende pachala. Zotsatila zake ndimazikumbukila mwa zidutswa: amalume akuthamanga ndi khasu kuchokela kumunda kwao, ngolo ya ng'ombe ikugwejemuka kupita kumseu, amai akuimitsa galimoto ya thonje atagwada pa tala. Pofika kuchipatala ku Nyimba dzanja linali litatupa mpaka m'phewa, khungu lili ngwee ngati likufuna kung'ambika.

Atate anagona kumeneko milungu yambili, ine ndi amai tikuwadwazika. Sindidzaiwala fungo la dzanja lija. Linayamba ndi matuza akuda, kenako mnofu unayamba kuola munthu ali moyo. Anamwino akamamasula bandeji, odwala a pabedi loyandikana anali kutembenukila kukhoma, ntchentche zili ng'waa pawindo. Ine ndinali kugwila beseni, mafinya ndi magazi zikudonthela momwemo, ndipo kawili konse ndinathamangila panja kukasanza. Amai ankayesa kuti ndi fungo lokha limene likundisanzitsa. Madokotala anayesetsa, koma anadula zala ziwili za kudzanja lamanja, ndipo zitatu zotsalazo zinauma zili zopindika.

Poyamba ndinauza aliyense kuti sindinaone kanthu. Bodza limenelo silinakhalitse. Atate atatuluka m'chipatala, a Mulenga anabwela kunyumba masana ena, foni ili m'manja, nkhope ili gwaa. Foniyo ndinali nditaibweza kwa Chanda, ndipo iwo anali atapezamo chithunzi chimene gemu inajambula. Anachionetsa amai, amalume, ndi atate amene anali pamphasa dzanja lili pachifuwa. Kanyama kabuluu kanali pakati, kumbuyo kwake msana wa atate atagwada, ndipo m'munsi, pakamwa pa mbuli, panali kuonekabe mphuno ya mphili ikubwelela mkati.

"Misheki," anatelo amai, "unaiona njoka iyi?"

Sindidziwa kumene yankho linachokela, koma linabwela lokonzeka kale. "Ndinaiona, amai. Koma ndinayesa kuti ndi ya m'gemu."

Asa! Mukanaona mmene linagwilila ntchito bodza limenelo. Amai anandikumbatila akulila. Amalume anati zinthu za azungu izi zidzatha ana athu. A Mulenga anatenga mwala pomwepo pabwalo nkuphwanya foni ija, ndipo madzulo ake mudzi wonse unamva Chanda akulila ndi chikoti. Lamulungu lotsatila azimai a kumpingo anabwela kudzandipemphelela, kuti chiwanda cha m'foni chimene chinanditseka maso chichoke. Mmodzi wa iwo anandibweletsela phava la nthochi zakupsa kuti mtima ukhale pansi. Ndinazidya zonse. Mpaka lelo ndikadutsa pa Nyimba azimai akukweza nthochi kumawindo a basi, ndimayang'ana kumbali. Atate tsiku limenelo anangondiyang'ana nthawi yaitali nkutembenuka.

Ndinali kuyesa kuti munthu mmodzi yekha ndiye sanapusitsike. Sukulu itatsegulila Chanda anandipeza kuseli kwa kalasi, mikwingwilima ya chikoti ikuonekabe m'miyendo.

"Iwe Misheki," anatelo, "m'gemu muja mulibe njoka. Ngakhale imodzi. Udziwa, na ine nidziwa."

Iye analavula malovu pafupi ndi phazi langa.

"Za mbewa zija n'nali kuseka chabe. Koma iwe ndiwe wonyansa zoona."

Sanakandinenele kwa aliyense, ndipo sanandilankhulenso mpaka atate ake anawasamutsa chaka chotsatila. Ndikanakonda akanandimenya.

Atate anaphunzila kugwila khasu ndi dzanja lamanzele. Thonje anasiya kulima, chifukwa kutola thonje kumafuna zala. Chimene chinali kundipweteka koposa ndi moni. Munthu wamkulu ngati iwo, mlendo akabwela, anali kubisa dzanja lamanja kumbuyo nkupeleka lamanzele, akupepesa, "Mundikhululukile, bambo, ili linapita ndi njoka." Ndipo nthawi zonse panali wina wofotokozela mlendoyo kuti mwana wao uyu foni inamupusitsa, wosalakwa. Ine ndinali kuwelamitsa mutu ngati mwana wabwino.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo mwina mudzaseka mukamva ntchito yanga: ndimakonza mafoni pamsika ku Petauke. Mwezi wathawu kunabwela mnyamata wina wophunzila makompyuta ku Lusaka, foni yake itafa batile. Ndikukonza, iye anali kundilalikila za magemu a kutsogolo. Akuti foni idzatha ntchito, tizidzangovala magalasi, ndipo tinyama, adani ndi chuma cha m'gemu tizidzaziona paliponse pamene tayang'ana, pamseu, m'nyumba, pankhope za anthu. "Mudala," anatelo maso akuwala, "zidzafika poti munthu sudzasiyanitsa chenicheni ndi cha m'gemu!"

Anali kunena ngati nkhani yabwino. Ndinamva bodza langa lomwe lija, la mwana wa zaka khumi ndi zinai, likugulitsidwa ngati katundu watsopano. Ndinamupatsa foni yake, ndinatseka shopu dzuwa likali pamutu, ndinakakwela basi ya ku Nyimba.

Atate ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba, singano ili kumanzele, thumba atalipana ndi mawondo. Ndinakhala pansi pafupi nao. Ndinayamba ndi za mvula, za mbuzi, mpaka zonena zinatha.

"Atate, njoka ija. Sindinayese kuti ndi ya m'gemu iyai. Ndinaidziwa. Ndinafuna ndigwile kaye kanyama kaja."

Sanaleke kusoka. Anakoka ulusi ndi mano, naulavula.

"Nanga uyesa sindinali kudziwa? Mphili ndinakuonetsa ndine, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana wanga angaisokoneze ndi chidole?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinali pa una, iwe unali pa mbuli. Wokuwa unali iwe." Anandiyang'ana tsopano. "Ndakhala ndikumvetsela zaka zonsezi. Wachedwanso, Misheki."

Sindinalile monga amalilila anthu m'nkhani. Ndinangomva manyazi otentha kuyambila kumapazi, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Chimene ndikudziwa lelo ndi ichi. Galasi lija silinandibisile kanthu. Linandionetsa zonse ziwili, njoka ndi kanyama, mbali ndi mbali, ndipo ndinasankha ndine. Pambuyo pake linandipatsa pobisala, ndipo anthu abwino anandithandiza kubisalapo, chifukwa nkosavuta kuphwanya foni ndi mwala kusiyana ndi kukhulupilila kuti mwana wako anakuona ukupisa dzanja kwa njoka nakhala chete. Magalasi a mnyamata uja adzabwela, sindikukana, ndipo mwina ndidzakhala ine wowakonza. Chimene chimandinyansa nchakuti pobisala paja padzakula, padzakwana tonse. Kholo likabwela pashopu nkunena kuti foni yamuononga mwana, ndimafuna kulifunsa kuti mwanayo anaona chiyani, nanga anasankha chiyani.

Pamene ndinali kutsazika madzulo aja, ndinatambasula dzanja monga mwa masiku onse, kuyembekezela lamanzele. Atate anaika singano pansi. Anatulutsa lamanja, limene sanapatsepo munthu moni chichokele kuchipatala.

"Gwila ili," anatelo.

Ndinaligwila. Linali louma, lopepuka, ndipo pamene panali zala ziwili chala changa chinagwela m'malo opanda kanthu. Ndinafuna kulisiya msanga, koma zala zitatu zopindika zija zinandikola, ndipo atate sanandimasule mpaka basi inaliza hutala kumseu.