Mwana wanga ali ndi fangasi mkamwa, inu mukuti ndili ndi mimba?

Inu a kachipatala kapulayiveti ka pa Golomoti, zikomo kwambiri. Mwandipatsa mimba popanda kundiyeza. Luso limenelo munakaphunzira kuti?

Abale, imvani. Mwana wanga Takondwa ali ndi miyezi inayi, amangoyamwa basi. Atadwala chimfine ndinapita naye kumeneko. Anandipatsa sirapu wa amokisilini. Chimfine osatha, ndinabwereranso. Botolo lina. Kumuyang'ana mwanayo? Ayi, anali otanganidwa ndi foni. Ine foni ndimaikonda, koma sindivala gauni yoyera.

Botolo lachiwiri litatha, mwana anayamba zoyerayera palilime ndi m'masaya. Akagwira bere kulira, kulisiya. Ine nsonga za mabere kuotcha ngati ndapaka tsabola. Lachiwiri m'mawa ndinakwera kabaza kuchokera ku Mtakataka kubwerera kukachipatala komweko, apongozi anga akundiperekeza. Dziwani kuti bambo ake a Takondwa ali ku Joni, anapita mwana asanabadwe.

Tinalowa. Mayi wa pakauntala anasuzumira mkamwa mwa mwana ali chikhalire pampando, nati mkaka wanga wawonongeka. Kenako anandiyang'ana pamimba, akuti, "Asisi, simunatumbize inu? Mwana akamakana bere, kawirikawiri mayi ake amakhala ali ndi pakati pena."

Pamaso pa apongozi! Anthu ali pabenchi, khutu tcheru!

Apongozi anangoti, "Oho." Amene muli ndi apongozi mukumudziwa "oho" ameneyo.

Pofika kunyumba nkhani inali itatsogola kale, a kabaza amathamangitsa nkhani kuposa netiweki. Apongozi anandilanda mwana, ati asayamwenso mkaka wa mimba ya eni ake, angatupe miyendo. Anayamba kumuphikira phala. Mwana wa miyezi inayi, phala! Anaimbiranso ku Joni. Ine mabere atadzadza gwa, mwana akulira kuseri kwa nyumba, ine ndikulira kuno.

Kutacha ndinati, "Amayi, tiyeni kuchipatala chachikulu, mukaone nokha." Ndinakodza m'kabotolo iwo ataima pakhomo ngati apolisi. Mimba palibe. Namwino anati zoyera za mkamwa mwa mwana zija ndi fangasi. Anafotokoza kuti m'mimba ndi mkamwa mwa mwana mumakhala tizilombo tabwino, tambiri amatitenga kwa mayi ake poyamwa, ndipo ndi timeneti timaletsa fangasi kuchulukana. Sirapu uja anapha tabwino tomwe, fangasi n'kupeza bwalo. Mwana kundipatsira pabere, ine kumubwezera mkamwa, kumangopatsirana. Chimfine chija, akuti mwina sichinkafunanso sirapu ameneyo. Anatipatsa mankhwala odonthezera mkamwa ndi opaka pabere, nati, "Agogo, phala lisiyeni, mwana ayamwe."

Ndiye tiwerenge bwino. Mankhwala munagulitsa ndinu. Tizilombo tabwino munapha ndinu. Koma wachiwerewere ndine. Ntchito yabwino, kuwombera m'manja!

Dzulo ndinabwerera kukachipatala kaja kukawauza. Mayi wa pakauntala uja akuti, "Ine ndinangofunsa, sindinanene." Kungofunsa? Funso lanulo lafika ku Joni, mayi. Bambo a Takondwa mauthenga anga akungowerenga, osayankha. Ndawatumizira chithunzi cha zotsatira, zii. Kumjigo azimayi akandiona amayamba kuyang'ana pamimba, moni pambuyo.

Azimayi anzanga a ku Mua, Golomoti, Mtakataka, mwana akatuluka zoyera mkamwa atamwa mankhwala, musathamangire kumuletsa bere. Pitani akamuone bwinobwino. Ndipo musalole munthu akuyezeni mimba ndi maso.

Takondwa wayambanso kuyamwa, ndikulemba ndi dzanja limodzi. Koma inu mayi wa pakauntala, sindikufuna pepani wa kumbali. Munalankhula pagulu, mukakonze pagulu. Nambala ya ku Joni ndili nayo, mayunitsi ndigula ndekha. Muimbe, muwauze ndi pakamwa panu pomwepo kuti mimba ija munaiona kuti.