Masabata Awiri Amene Anali Zaka Zitatu

Ndinanama kuchipatala, ine amene ndinkakwapula ana anga chifukwa cha bodza.

Pansi pa chala changa chachikulu chakuphazi panali banga lakuda. Linakula kwa zaka zitatu, kenako linayamba kutuluka magazi. Ndinkathirapo phulusa, n'kuvala jombo, n'kupita kumunda. Sindinafune kuti anthu a ku Nathenje andione ndikutsimphina.

Adokotala, mtsikana wamsinkhu wa mdzukulu wanga, anafunsa kuti, "Agogo, layamba liti?"

"Masabata awiri," ndinayankha. Ndinaopa kukalipiridwa ndi mwana.

Anayamba kundilembera mankhwala opaka. Ndinkaona cholembera chikuyenda. Pamenepo akazi anga, a Nachisale, amene salankhula pagulu, anatsokomola.

"Adokotala, bambowa akunama. Fodya takolola katatu bangali lilipo."

Cholembera chinaima. Adokotala anagwiranso phazi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anati adulapo kanyama kakapimidwe, mwina ndi khansa yapakhungu.

Inalidi khansa. Chala anachotsa, phazi linatsala.

Tsiku la bodzalo, m'minibasi pobwerera kunyumba, sindinawalankhule a Nachisale. Mpaka lero sindinawathokoze. Ndikamavala jombo m'mawa, iwo amangondiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali.