Chiliza cha Malume Chinakana Kunyamuka

Ndinasiya maphunziro a uinjiniya m'chaka choyamba, koma kwathu ku Mlangeni amanditchabe Injiniya, ndipo ine sinditsutsa akuluakulu.

Malume anga, omwe anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, anafuna kuumbiratu chiliza chawo akadali moyo. Anati tiumbire pakhomo, chikauma tikachisiye kumanda.

"Kumgodi tinkati konkire imalemera mapaundi 150 pa bokosi la fiti imodzi mbali zonse," anatero. "Tanenani, a Injiniya, tidzachinyamula?"

Mapaundiwo ndinawasandutsa makilo bwinobwino. Mafiti ndinawaiwala, ndinangowabatiza kuti mamita. M'malo mwa makilo 2,400 pa bokosi la mita, ndinapeza 68.

"Amuna awiri akwana," ndinalengeza.

Chitauma, anachigwira amuna khumi. Sichinasunthe. Maso a onse anali pa dzina la malume ndi pampata wolembapo tsiku lomwalira.

"Chikukaniranji, mphwanga?" anafunsa malume.

Cholakwa changa ndinali nditachizindikira kale. Ndinatsokomola mwaulemu. "Malume, pali pena pamene sayansi siifika."

Mpaka lero chili pakhomo pomwepo, ndipo alendo amachilambalala. Malume anasiya kupita kumunda. Masana onse amakhala pambali pake atavala jekete lawo la kutchalitchi, kuti chikawaitana asachedwe.