Anandimeta mbali imodzi

Tsiku lometa maliro a bambo anga panali anthu awa, ndipo ndiwatchula onse poti wotsala ndine ndekha. Panali abambo aakulu, achimwene awo a malemu, atagwira lumo. Panali azakhali ndi mbale ya madzi. Panali amayi, atametedwa kale, atakhala pamphasa ndi mlongo wanga wakubere. Panali atsibweni, alongo awo a amayi, amene anayenda wapansi kuchokera kwawo cha ku Chimbiya. Panalinso aphunzitsi a pasukulu ya mishoni, omwenso ankatsogolera mapemphero m'mudzi mwathu kuseri kwa Mayani. Ndiye ineyo, mnyamata wa kalasi ya Sabu B, nditakhala pachitsa.

Lumo lake linali lakuda, lopinda, limene bambo anabwera nalo kuchokera ku Joni pamodzi ndi chifuwa chimene chinawapha. Inali nyengo yachisanu, titakolola, chaka chimene akuluakulu ankangokamba za chitaganya. Nkhungu inkatsika m'phiri mpaka kubisa khola. Madzi a azakhali atandikhudza m'mutu ndinamva ngati andibaya ndi minga.

Abambo aakulu anayamba kumeta kudzanja lamanja. Tsitsi linkagwera pamaondo panga. Atafika pakati pa mutu, lumo linaima. Ndinatukula maso, ndinaona atsibweni atawagwira pamkono.

"Alamu, mwanayu akametedwa kwawo."

"Kwawo ndi kuno. Ng'ombe zinapita."

Tamverani bwino, inu ana amakono amene mumayesa chikhalidwe ndi kuvala nthenga n'kukavina pamaso pa alendo. Ine sukulu ndinalekezera pomwepo, koma ichi ndikuchidziwa kuposa wa mabuku: chikhalidwe ndicho chimanena kumene mwana akagone bambo wake akafa. Bambo anali Mngoni. Pokwatira anatumiza ng'ombe ziwiri kwawo kwa amayi, ndipo kwa ife ng'ombe zikapita, ana ndi a kuchimuna. Amayi anali Mchewa. Kwawoko analandira ng'ombezo ndi manja awiri, poyesa ndi ulemu wopemphera chitengwa, kuti mkazi akakhale kwa mwamuna. Za ana sanaganizepo n'komwe, poti kwa iwo mwini mbumba ndi tsibweni. Palibe ananama, palibe anaba. Anadyera limodzi ukwati, wina aliyense akuti mnzakeyo wamva.

"Ng'ombe simabereka munthu," anatero atsibweni.

"Bwezani ng'ombe, mutenge mwana."

Ng'ombezo kunalibe. Njala ija ya fote naini inazidya zonse ziwiri. Abambo aakulu anapinda lumo n'kuika m'thumba, akuti sapitiriza atagwidwa mkono pakhomo pa mng'ono wawo. Atsibweni nawo analumbira kuti wina akangomaliza kumetako iwo kulibe, nkhani ikathera kubwalo. Ndinadzuka pachitsa paja mbali imodzi mpala, mbali ina thengo.

Ndinayenda choncho chisanu chonse. Mphepo inkandiluma mbali yometayo, ndipo pogona ndinkaigoneka pansi kuti ifunde. Kudambo anzanga oweta ng'ombe ankandiitana kuti Theka. Wina ankaima kumanja n'kundilonjera ngati Mngoni, kenako n'kuzungulira kumanzere, "Nanga a Chewa, mwaswera?" Ndinamenya awiri. Wachitatu anandimenya ine. Tsitsi linamera ndithu, koma mzere unkaonekabe ngati malire a munda.

Atsibweni ankabwera, n'kubwerera, n'kubweranso. Akafika sankadya pakhomo pathu. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi amayi, kulankhula motsitsa mawu, ine ndikungomva fungo la fodya wawo. Azakhali ankangoyenda pafupi, atanyamula lichero lopanda kanthu. Ankaopa kuti atsibweni andiba, moti anandichotsa m'nyumba mwa amayi n'kumandigoneka kwa iwo.

Abambo aakulu anali ndi njira yawo yothetsera nkhani. Anati amayi asachoke, alowedwe chokolo, akhale mkazi wawo wachiwiri, ana akulire pamaso pa mayi wawo. Musawaweruze, sanali munthu wadyera. Umo ndi mmene makolo athu ankasungira amasiye. Koma aphunzitsi anabwera ndi chikhalidwe chachitatu. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, n'kunena mofatsa kuti mkazi wolowa mitala sadzayandikiranso kuguwa, ndipo akadzafa mpingo sudzamuimbira. Amayi anali munthu wosaphonya mapemphero. Anangopitiriza kusenda mbatata ya kachewere, n'kusenda, n'kusenda, mpaka m'manja munatsala kanthu kangati dzira la nkhunda.

Aphunzitsi omwewo ndiwo anapeza mawu amene mbali zonse zinavomera: wakubere apite ndi mayi wake, mnyamata atsale pakhola la bambo wake. Ine palibe anandiuza.

M'mawa wina amayi anandiitana kuseri kwa nyumba. Lumo linali m'manja mwawo. Abambo aakulu anawapatsa okha. Madzi anali atawafunditsa. Anandimeta mutu wonse pang'onopang'ono, dzanja lina atandigwira pachibwano, ndipo atamaliza anapitirizabe kundisisita ngati patsala tsitsi pena. Anangoti, "Uzifunda kumutu, kuno kumazizira."

Ine chimwemwe chake. Ndinathamangira kudambo kukaonetsa anyamata aja kuti za Theka zatha. Pobwera masana ndinapeza mphasa ya amayi palibe, mtsuko wawo palibe. Ndinafunsa azakhali kuti amayi abwera liti. Anati ndikatsekere ng'ombe. Ndinkayesa amayi apita kukaperekeza atsibweni.

Ndinakula Mngoni, ndipo sindichita nazo manyazi. Ngoma ndavina mpaka maondo atakana, khola la bambo sindinalithetse. Amayi ndinkawaona pamaliro ndi pamaukwati, tikulonjerana ngati apongozi.

Nkhaniyi ndinaifotokozera mwana wanga wamwamuna chaka chimene anapeza mkazi wa ku Mulanje, kumenenso ana amatsata mayi. Ndinamuuza mokweza, monga ndilankhulira ine, kuti titumize ng'ombe ndipo tikanene poyera tanthauzo lake, anthu onse akumva, kuti zija zisadzachitikenso. Anandimvera mpaka kumapeto osandidula, poti ndinamulera bwino. Kenako anati:

"Ng'ombezo sungani, bambo. Ine ndikadzafa, ana anga musadzawakhalire pansi. Adzapite kumene kwapita amayi awo."