Ndagi za waya za a Kanyumbu

A Jeremiah Elias Kanyumbu ankadziwika pa Mtakataka ngati mmisiri wokonza njinga, mkamwini wofatsa, ndiponso munthu amene ankachedwetsa anzake paulendo popanda kuwalakwira. Anabadwira ku Golomoti, koma atakwatira mayi Veronika anamanga kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo imvi zinawapeza komweko.

Pansi pa mtengo wa mango pomwe ankagwirira ntchito, sipoko yothyoka sinkatayidwa. Ankaipinda ndi pulayala nkuikoleka mphete yachitsulo mwanjira yoti aliyense aone ngati singatulukenso. Zoseweretsa zimenezi anthu ankazitcha ndagi za waya. Ogulitsa mpunga wa ku Bwanje ndi akabaza ankaiwala kumene akupita ali kalikiliki ndi kamphete, a Kanyumbu akumata chubu mwakachetechete. Lamulo linali limodzi: mphete ituluke, waya asapindike. Mayi Veronika okha ndiwo sankazikhudza. Ankati pakhomo pamodzi sipafunika akuluakulu awiri oseweretsa zitsulo.

M'chaka cha 2011, nyengo yotentha, a Kanyumbu anagwa ali pantchito. Ku chipatala cha Mua anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja litafa, lilime litalemera, maso okha akuyendayenda.

Pasanapite nthawi kunafika a Mathias, mwana wa mlongo wa a Kanyumbu, atatumidwa ndi abale a ku Golomoti. Uthenga unali wakuti mkamwini akadwala chonchi amabwerera kwawo, kuti zikavuta atsirizikire m'manja mwa abale ake. A Mathias sanabwere ndi chipongwe. Analankhula mwaulemu ali pakhonde, wodwala atatsamira khoma pamphasa, ndipo anati popeza amalume sakuzindikiranso kanthu, panalibe chowafunsa.

Mayi Veronika ankaudziwa mwambowo, ndipo ankadziwanso kuti woukana ndi mkamwiniyo yekha. Iwo ankakhulupirira kuti amuna awo akumva zonse, koma umboni analibe, ndipo masiku ena iwonso ankakayika. Anaona kuti galimoto yodzatenga wodwala ikangobwera, munthu amene anakalamba naye azidzangomuona iwo atapita ngati mlendo wokazonda matenda.

Akufunafuna mawu otsiriza, a Mathias anatola ndagi imodzi m'chitini cha pazenera nkuyamba kuitembenuza. Mphete itakana, anayamba kukankha wayayo ndi chala chachikulu. Pomwepo dzanja lamanzere la wodwala linamenya mphasa. A Mathias anati taonani, kunjenjemera kwayambanso. Koma mayi Veronika anaona kuti maso a amuna awo sanali pa munthu aliyense. Anali pa waya.

Anapempha ndagiyo, nkukhala pomwe a Kanyumbu akanaona bwino manja awo. Anakokera mphete kunsonga, monga achitira aliyense woyamba kumene. Dzanja linamenya mphasa. Anaibweza m'mbuyo, dzanja linakhala chete. Anapitiriza motero, akalakwa mphasa ikulira, akalondola kuli zii, thukuta likuwatsika m'khosi. Zinapezeka kuti mpheteyo inkafunika kubwerera mpaka pakati, kudutsa m'kakhomo kopindika, kenako kutembenuzidwa. Inagwera pachitenje chawo, waya ali momwe analili.

Mayi Veronika anapuma mpweya umene ankaoneka kuti anausunga kuyambira tsiku la ku Mua. A Mathias anavula chipewa, anasendera pafupi ndi mphasa.

"Amalume, ndakulakwirani. Ndimakamba za inu ngati mulibepo. Kodi inuyo mukufuna kukhala kuti?"

Yankho linachedwa, pakuti lilime linkakana, koma palibe amene anawadula. Litatuluka, a Mathias anaseka misozi ili m'maso, ndipo anabwerera ku Golomoti okha.

A Kanyumbu sanakonzenso njinga. Amakhalabe pansi pa mtengo wa mango uja, akuyenda ndi ndodo, ndipo amene amapinda masipoko tsopano ndi mayi Veronika, mphasa ikuwadzudzula akalakwitsa. Munthu akafunsa za tsiku limene lija, mayiwo amabwereza mawu a amuna awo monga anatulukira, osawonjezera kanthu:

"Mathias, waya wanga usapinde. Ku Golomoti ukapereke moni. Ine ndatsala, mayiwa angoyamba kumene kuphunzira."