Tsiku limene ndinadzera pamsewu ndi Ndakuonani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Ntaja, chaka chotsatira maliro a bambo anga. Bambowo sanatisiyire zambiri: makasu, njinga yopanda tcheni, ndi mphaka wakuda bii amene anamutola ali kamwana m'ngalande ya pamsewu. Mphakayo ankakonda kukhala pamwamba pa chipupa n'kumangokuyang'anitsitsa, makamaka ukamavundukula mphika wa ndiwo nthawi isanakwane. Bambo anali munthu wa nthabwala, ndiye anamutcha Ndakuonani. Akabwera kudimba ankaima pakhomo n'kuitana dzinalo mokweza, ife ana n'kutaya chilichonse chimene tinkabisa m'manja, mphaka n'kutulukira mchira uli m'mwamba. Atamwalira, ndikatchula dzina limenelo ndinkamva ngati mawu awo.

Mavuto anayamba pamene khanda la a Nasimango, oyandikana nafe, linadwala. Linkatentha thupi n'kumakomoka. Wina anati waona mphaka wakuda padenga pawo. Wina anawonjezera kuti ngakhale mwamuna wa mwini mphakayo imfa yake sinamveke bwino. Posakhalitsa, amayi akafika pamjigo anthu ankasiya kucheza, ndipo kutchalitchi benchi imene ankakhalapo inkatsala ndi malo uku ndi uku. Amayi anali munthu wa kolona, wosadziwa kulongolola. Ankangofika, kutula ndowa, n'kulowa kuchipinda kukagwada.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza miyala itamwazika pabwalo ndi timadontho ta magazi pakhonde. Anyamata anali atamugenda Ndakuonani ndi malegeni, iye n'kuthawa akutsimphina. Amayi anati mwina Mulungu watichotsera yekha chimene anthu akutitonzera. Anandiletsa kumufunafuna, ndipo anati munthu akandifunsa ndinene kuti ife mphaka tilibe, uja anali wongobwera. Ndinawafunsa ngati bambo ankagawana nsomba yawo ndi mphaka wongobwera. Anandiyang'ana maso ali ofiira nati ndisawayankhe ngati mnzanga.

Ndinapirira masiku angapo, koma mtima sunakhale m'malo. Ku katekisimu anali atatiphunzitsa za Petulo amene anati munthuyo sindikumudziwa, ndiye mutu wanga wachibwanawo unazilumikiza ndi mphaka. Mulungu andikhululukire pofanizira, koma ndi mmene ndinamvera. Loweruka amayi atanyamula khasu, ine ndinatuluka.

Ndinayamba mwamantha, ndikunong'ona kuti pusi, pusi m'minda ya nandolo. Koma mphaka wathu za pusi pusi sankazidziwa. Ankadziwa dzina lake basi, komanso lotchulidwa mokweza ngati mmene ankachitira bambo. Ndiye ndinaima pachulu, n'kukoka mpweya, n'kufuula kuti Ndakuonani!

Mphaka sanatuluke. M'malo mwake panatuluka mnyamata amene anadumpha mumtengo wa mango wa eni ake, liwiro lake osacheuka. Nditaitananso patsogolo, bambo ena aulemu wawo anadzuka m'chinangwa cha mlamu wawo, khasu atabisa kumbuyo. Mayi wina wotcheza kachasu anaponya chitenje pamtsuko. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti m'mudzi mwathu anthu obisa zinthu analipo ambiri, koma wotchedwa mfiti anali mayi anga okha. Mantha anachoka, m'malo mwake munalowa ukali wotentha ngati tsabola.

Pamjigo ndinapeza azimayi ali pamzere. Sindinatsitse mawu poitana dzina lija. Mmodzi anandifunsa kuti ndaona chiyani, ine ndinati ndikufuna mphaka wathu.

"Uja amawulukira amayi ako uja?"

"Akanakhala wowuluka bwenzi ndikuyang'ana kumwamba, osati m'tchire," ndinatero.

Ena anaseka n'kudzigwira pakamwa. Ena anati mwana wamasiye ameneyu wasowa womukwapula. Mtsikana wina wamkulu anandilondola pang'ono n'kundinong'oneza kuti mphaka wakuda ali kwa Abiti Jafali, kuseri kwa mzikiti, ndipo ndifulumire chifukwa amuna awo a Nasimango apita kale komweko.

Ndinathamanga, mchenga ukuwotcha kuphazi. Abiti Jafali anali mayi wonenepa, wa mawu akuthwa, wogulitsa matemba a ku Chiuta, ndipo fungo la nsomba zowuma linkakulandira usanaone nyumba. Ndinapeza anthu ataunjikana pabwalo. Abitiwo anakhala pampando, phazi limodzi ataponda dengu lovundikira. Patsogolo pawo panaima amuna a Nasimango, mpini uli m'manja, maso atalowa m'kati chifukwa chosagona. Ankafuna mphakayo aphedwe n'kutenthedwa kuti mwana wawo achire. Abiti anali atawauza kuti cholengedwa chimene chamwa madzi pakhomo pawo sichiphedwa pamaso pawo, koma ngati mwini wake sapezeka, bambowo achitenge akachitaye kutali, zikatero zikhala za iwowo.

Ndinaitana dzina lija kamodzi. Dengu linayankha kuti nyawu.

"Chonayu ndi wa yani, mwanangu?" anafunsa Abiti.

Amuna a Nasimango anandiyang'ana nati, "Uganize bwino, Esitere. Ukati ndi wanu, ndiye kuti amayi ako tawadziwa."

Mawu a amayi ankalira m'khutu. Koma pansi pa dengu panatuluka kaphazi kakuda, kotupa.

"Ndi wathu. Anatola ndi bambo anga. Amadya mbewa ndi mitu ya nsomba, ana a anthu sadya. Mwana wanu mupite naye kuchipatala."

Anthu anang'ung'udza kuti ndine wamwano, ndipo mwina mawu otsirizawo sanali oyenera msinkhu wanga. Abiti anaseka mpaka mpango kusuntha. Anati iwo chibadwire sanaonepo mfiti yokanika kuthawa legeni, yochita kuba matemba a munthu wosauka chifukwa cha njala. Anavundukula dengu n'kundiika mphaka m'manja. Anali atapepuka, nthiti zikuwerengeka, koma anandikhuda ndi mutu pachibwano. Amuna a Nasimango anatsitsa mpini. Kumenya mwana wonyamula mphaka wake pamaso pa gulu kunawakanika.

Ndinamuphimba ndi malaya n'kulunjika kuseri kwa nyumba, kumene kunali kanjira kachidule kodzera m'madimba. Abiti anandikoka diresi.

"Iyayi, kumeneko ayi. Chimene wachibisa ndiye anthu amachipatsa nyanga. Muvundukule, udzere pamsewu."

Ndinadzera pamsewu, dzuwa lili paliwombo. Ndinadutsa pamsika, akabaza akuliza mabelu n'kumandikuwiza. Ndinadutsa pamjigo paja, Ndakuonani mutu uli paphewa panga, akuwayang'anitsitsa mmodzimmodzi monga mwa chizolowezi chake. Aliyense anaona ndi maso ake kuti ndi kamphaka kowonda, kopweteka mwendo.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi anandidikira ndi kamtengo ka bulugamu, ndipo zikwapu ndinalandira, chifukwa kusamvera n'kusamvera. Sindinapepese za mphaka, ndinangopepesa zochoka osatsanzika. Atatha, amayi anaponya kamtengo kaja pansi. Kenako anatenthetsa madzi, n'kuthiramo mchere, n'kuyamba kumuthowa Ndakuonani mwendo, misozi ikugwera m'beseni. M'mawa mwake, anthu akudutsa kupita kutchalitchi, ndinamva amayi ataima pakhomo ndi mbale ya zotsala, akuitana dzina lija mokweza ngati bambo. Anali asanalitchulepo chichitikire maliro.

Khanda lija anapita nalo kuchipatala, anapeza malungo, ndipo linachira. Palibe anabwera kudzapepesa. Miseche inangotopa yokha, benchi ya amayi n'kuyambanso kudzaza pang'onopang'ono.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimathokoza Mulungu pa aliyense wa iwo. Wachiwiri, Yosefe, amadwala khunyu. Atayamba kugwa, anthu ondifunira zabwino anandilangiza kuti ndizimusiya m'nyumba, ena angayambe kunena kuti pakhomo pathu pali zinthu. Ndinawathokoza, koma ndinakumbukira dzanja la Abiti likukoka diresi langa, Mulungu awusitse mzimu wawo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndinachimvetsa: chimene Mulungu wakupatsa ukachikana pofuna kuti anthu akusiye, sakusiya, ndipo umatsala wopanda anthuwo, wopandanso chako chija. Mankhwala a Yosefe timakatenga kuchipatala masana, ndipo Lamulungu lililonse ndimamusitira malaya oyera. Kanjira kachidule kopita kutchalitchi kalipo, kodzera kuseri kwa chigayo. Ife timadzera pamsewu.