Kompyuta Inafela m'Bulangeti

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, 11 koloko m'mawa, pamene kompyuta ya aMwanza inazima pakati pa nyimbo. Ine ndinali pakhomo ndi jagi ya madzi, Dalitso ali kumsana.

Nchito imeneyo anandipezela ndi akazi awo a aMwanza, amene tinali kupemphela pamodzi. Atamva kuti atate ake a mwana wanga anapita ku Lusaka osabwelanso, anandifunsa ngati ndingamasese ndi kuphikila oimba tiyi. Sukulu ndinalekela giledi 5, ndipo pagulu mawu anga satuluka, choncho nchito yosafuna kulankhula inandikomela. AMwanza anali mphunzitsi wopuma. Kuseli kwa nyumba yawo ku Petauke anali ndi chipinda chojambulila nyimbo za makwaya. M'makoma anakhomamo matilesi akale, pakati panali maikolofoni awili, patebulo masipika.

Kompyuta yawo anaigula yomanga kale m'sitolo. Inali yaing'ono, yokongola, koma ikatentha fani yake inali kulila ngati chigayo chakutali, maikolofoni n'kumatola phokosolo. Ndiye aMwanza anapeza njila yawo: oimba asanayambe, anali kuifundika bulangeti lopinda kawili. Phokoso linali kuthadi. M'miyezi yozizila zinayenda bwino. Okutobala sanavomele.

Kwaya ya tsikulo inachokela ku Nyimba pa lole ya chimanga imene inali kubwelela madzulo omwewo. Anali ana a anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki nakhazikika kuno. Wotsogolela anali amai Luwiza, mai wamtali wa chotupa pakhosi. M'mawa mwake anali kupita ku Lusaka ku opaleshoni, ndipo adokotala anawauzilatu kuti mwina mawu awo sadzabwelela monga kale. Nyimbo zimene makolo awo anaimba poyenda m'thengo, wozidziwa mpaka kumapeto anali iwo okha.

AMwanza anavundukula bulangeti, munatuluka fungo la pulasitiki yopsa. Anadina batani, anazula nthambo nabwezela, anaikupiza ndi katoni. Ziii.

"Mwaiphika, aphunzitsi," anatelo amai Luwiza. "Mukanaikako kandolo pamwamba, bwenzi tikudya."

Anzawo anaseka, koma iwo anagwila pakhosi nayang'ana pansi.

Kunsi kwa tebulo kunali makatoni amene ndinali kuwalambalala posesa. AMwanza anali kugula zida za kompyuta ina chimodzichimodzi, zikubwela pa basi, kuti mphwawo Yona wa ku Lusaka adzaimange pa Khisimasi. Anamuimbila foni yoonana nkhope. Yona anati zonse zilipo, ngakhale mapulogilamu anaikilatu m'kachida kosungila zinthu, chotsala ndi manja basi. AMwanza anatambasula awo. Anali kunjenjemela monga amachitila shuga ikawavuta.

"Amake Dalitso, kasambeni m'manja," anatelo aMwanza.

Ndinacheuka ngati kumbuyo kuli amake Dalitso wina. Amai Luwiza anali atayamba kale kumasula chitenge changa.

"Bweletsa mwanayu. Lelo ndiwe mzamba, ife tidikila panja."

Yona anandiuza ndiyambe ndagwila chitsulo cha pawindo. Akuti m'thupi mwa munthu mumakhala magetsi osaoneka amene angaphe chida usanachilumikize n'komwe. Kenako ndinatsegula katoni ya bolodi, thabwa limene zonse zimakhalapo, ndipo ndinaiwala kupuma. Panali tinjila topyapyala kuposa tsitsi, mazanamazana, tonse tolunjika kumene tikupita, palibe kodutsana ndi kanzake. Ndinadzifunsa kuti munthu amene anajambula zimenezi amadya chiyani.

Pulosesa inali kambale kochepa ngati bisiketi. Yona anati ndiwo ubongo, ndipo ndicho chida chodula kuposa zonse. Pakona imodzi panali kachizindikilo kagolide, kofunika kuyang'anizana ndi kanzake pa bolodi.

"Osakankha, asisi. Kasiyeni kagone kokha."

Ndinakasiya, kanagona. Ndinatseka kachitsulo kogwilila, ndinafinyila pamwamba phala lotuwa, kadontho ngati nyemba imodzi, n'kukhazikapo choziziliza, chitsulo cholemela chokhala ndi fani yaikulu ngati mbale. Fani yaikulu imazungulila pang'onopang'ono, n'chifukwa chake siimveka. Masikulu ake, timisomali topotokola, samanga motsatana ayi, umayamba kona iyi, kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono. Ndinalowetsa timitengo tiwili ta memole, tothandiza kompyuta kukumbukila zimene ikuchita, bolodi tinaikhomela m'bokosi lake, tinaika kabokosi kamagetsi. Nthambo iliyonse ili ndi pakamwa pake, pena siilowa. Thukuta langa aMwanza anali kulipukuta ndi kansalu kawo kuti lisadonthele mkati.

Dzuwa litapendeka, aMwanza anadina batani. Fani inazungulila. Sikilini inakhala yakuda.

Malaiti tsikulo anali kupita 17 koloko, monga mwa ndandanda yozimila magetsi. Panja ndinamva dalaivala wa lole akufunsa ngati tatsiliza, ndi amai Luwiza akumuyankha kuti mwana sabadwa chifukwa cha kulila kwa hutala ya lole. Mtima unandiuza kuti ndapha ubongo uja.

"Asisi, memole ija munaimva kulila polowa?" anafunsa Yona pa foni.

Sindinaimve. Chiyambile pamene anati osakankha, chilichonse ndinali kungochikhazika ngati dzila.

"Awe, apo ndiye mukankhe! Ngati mukutseka chivindikilo cha ndowa."

Tinazima malaiti pakhoma. Ndinaika zala zazikulu kumapeto onse awili n'kukankha mpaka bolodi inaoneka ngati ikupindika. AMwanza anatsinzina. Kha! Kenako kanzake, kha! Titayatsanso, sikilini inawala.

Azimai anaimba nthungululu mpaka Dalitso analila. Ine ndinagwada n'kuika khutu pa bokosi. Sindinamve kanthu, kamphepo kokha kakundisisita patsaya.

Amai Luwiza ataima pa maikolofoni, nthabwala zinatha. Anayamba chapansipansi m'chilankhulo cha kwawo, anzawo akuvomela. Mawuwo sindinawamve onse, koma tsitsi linandiimilila. Pa sikilini mawu awo anali kuoneka ndi maso, akukwela ngati mapili, akutsika, akukwelanso. Akakoka mpweya panali kuoneka kachigwa. Zonsezo zinali kudutsa m'tinjila tija, m'kambale kamene ndinagoneka ndi zala zanga zosendela nshawa. Mpaka lelo sindimvetsa, ndipo ndasiya kuchita nazo manyazi kuti sindimvetsa.

Malaiti anapita kutatsala nyimbo imodzi.

"Imeneyo ndi yapaukwati," anatelo amai Luwiza. "Aliyense woledzela amaidziwa."

Ndagwila nchito kwa aMwanza zaka zingapo tsopano. Achinyamata ofuna kujambula nyimbo kunyumba amandifunsa ngati agule yomanga kale kapena amange okha. Ndimawauza zimene ndinaona. Yogula imayaka tsiku lomwelo ndipo siikuopsa, koma ikadwala umangoiyang'ana ngati mlendo. Yomanga wekha imakutulutsa thukuta, koma umasankha fani yosalila, ndipo umadziwa pofunika kugoneka ndi pofunika kukankha. Iliyonse mwa ziwilizi, isiye ipume.

Usiku wa tsiku lojambula lija amai Luwiza anagona kwa mbale wawo m'tauni, kwaya itabwelela. M'mawa malaiti atabwela, aMwanza anaika nyimbo pa kakhadi kolowetsa mu foni. Ndinabeleka Dalitso n'kuthamanga nako ku siteshoni. Basi inali italiza kale injini. Ndinawapeza pawindo, ndinawapatsila pomwepo. Analowetsa mu foni yawo, anaika kukhutu, anamvetsela nthawi yaitali osaphethila.

"Mai ameneyu amaimba," anatelo. "Mukamusunge bwino."

Kenako anakweza foni mpaka pomaliza kuti basi yonse imve. Ndinaima pafumbi pamenepo mpaka nyimbo inakhota pamodzi ndi basi.